Tikufuna kukacheza ndi banja ku chilumba cha ku Caribbean: tiyambire pati kuchokera kuno ku Mangochi?

Mayi wa ana awiri, ku Mpondasi

Moni nonse. Ndabwera ndi nkhani imene yatisowetsa tulo m'nyumba mwathu kwa milungu itatu tsopano, ndipo ndikupempha amene anayendapo kutali kapena amene amagwira ntchito yolandira alendo kuti atiunikire, poti safunsa anadya phula. Mng'ono wanga ndi namwino ku England, ndipo chaka chamawa iye ndi alamu anga akwanitsa zaka 10 ali pabanja. Iwo aganiza kuti m'malo mobwera kuno monga amachitira nthawi zonse, mabanja athu awiri akakumane ku chilumba china cha ku Caribbean, tikakhale pa hotela ya m'mphepete mwa nyanja kwa masiku 7 kapena 10. Hotelayo alipira ndi iwo, matikiti a ndege tithandizana, ndipo atisiyira ife kuti tisankhe pakati pa Barbados, Jamaica ndi Punta Cana wa ku Dominican Republic.

Kuno tinyamuka anthu asanu: ineyo, bambo a kunyumba, mwana wathu wamkazi wa zaka 12, wamwamuna wa zaka 7, ndi mayi anga amene ali ndi zaka 66, amamwa mankhwala a BP tsiku lililonse ndipo ndege sanakwerepo chibadwire. Mapasipoti tili nawo tonse kupatula wamng'onoyo, amene tangomulembetsera kumene.

Chimene ndikufuna kudziwa choyamba ndi chilumba chimene chingatiyenere pa zitatuzi, komanso mwezi wabwino wopitira, popeza ana ali pasukulu ndipo sitingayende teremu ili mkati. Ife timaganiza za tchuthi chachitali cha mu Ogasiti. Chachiwiri ndi nkhani ya viza, chifukwa aliyense amene ndamufunsa akundiuza zake. Chachitatu, mng'ono wanga akukonda mahotela amene amawatcha all-inclusive, amene umalipira kamodzi ndipo chakudya ndi zakumwa zonse zimakhala momwemo, koma ife ndife Asilamu, ndiye ndikukayika ngati sitikalipira zinthu zimene sitingadye kapena kumwa. Pomaliza, ana anga anakulira m'madzi a nyanja yathuyi ndipo amasambira ngati nsomba, koma bambo awo akuti nyanja yamchere ndi ina, ndipo ndikufuna kumva kwa amene anaiona ndi maso.

Wa ku Monkey Bay amene anafikako

Achemwali, ndiyamba ndi funso lanu la viza, chifukwa mukalimvetsa limenelo chilumba chidzisankha chokha. Ine ndinapita ku Barbados mu 2023 pa ntchito ndipo ndinatsalira masiku anayi kuti ndione dziko. Chimene ndinaphunzira n'chakuti Mmalawi savutika polowa pa chilumbapo, amavutika ndi mayiko amene ayenera kudutsamo asanafike. Barbados ndi Jamaica ali mu Commonwealth monga ife, amalankhula Chingelezi, ndipo mwini pasipoti ya Malawi wopita kokacheza amalowa popanda viza, bola akhale ndi tikiti yobwerera ndi umboni wa kumene akagone. Dominican Republic ili ndi malamulo ake a viza kwa ife, ndiponso chinenero chake ndi Chisipanishi, zimene zingawavute amayi anu atadwala usiku n'kufuna kufotokozera dokotala. Ine Punta Cana ndikanaichotsa pa mndandanda lero lomwe.

Palibe ndege yochoka ku Chileka kapena ku Kamuzu, ngakhalenso ku Johannesburg, Nairobi kapena Addis Ababa, imene imalunjika ku zilumbazi. Muyenera kudzera kwina, ndipo matikiti amene amaoneka otchipa pa intaneti nthawi zambiri amadzera ku America, ku Miami kapena ku New York. Amenewo musawayandikire. Ku America kulibe zoti munthu angokhala m'kati mwa bwalo la ndege n'kudikira ndege ina popanda viza. Aliyense, ndi mwana yemwe, amayenera kukhala nayo. Kuwonjezera apo, mu Ogasiti 2025 boma la America linayamba kufuna kuti Amalawi opempha viza yokacheza azipereka chikole cha madola 5,000, 10,000 kapena 15,000, ndiye muwerengere nokha anthu asanu. Mnzanga amene tinkayenera kuyendera limodzi anagula tikiti yake kwa wogulitsa matikiti wina amene sanamuuze za viza ya ku America, ndipo anamubweza pa kauntala ku Johannesburg, chikwama chili kale pa sikelo. Anagona pabenchi usiku umenewo, m'mawa mwake n'kubwerera kumudzi.

Njira imene ikukuyenererani ndi ya ku London, makamaka poti achemwali anu ali komweko ndipo mungathe kukwera ndege imodzi kuyambira pamenepo. Ethiopian Airlines imakafika ku London kudzera ku Addis Ababa, Kenya Airways kudzera ku Nairobi, kenako British Airways kapena Virgin Atlantic imakutengani mpaka pa bwalo la Grantley Adams ku Barbados, ulendo wa maola 8 kapena 9. Koma dziwani kuti Malawi ali pa mndandanda wa mayiko amene nzika zake zimafunika viza ngakhale zikungosintha ndege pa bwalo la ku UK osatuluka panja. Ndipo mavizawo ndi amitundu: ilipo ya munthu amene satuluka m'bwalo, ilipo ya amene ayenera kudutsa pa chipata cha olowa m'dziko, monga amene watsikira pa bwalo la Heathrow koma ndege yake yachiwiri ikunyamukira ku Gatwick, bwalo lina la ku London, ndipo ilipo ya mlendo wokacheza. Ndege zingapo za ku Caribbean zimanyamukiradi ku Gatwick, choncho muyang'anitsitse dzina la bwalo pa tikiti iliyonse musanalipire. Maganizo anga ndi akuti mupemphe viza ya mlendo wokacheza, mukagone masiku awiri kwa achemwali anu popita. Ndi yokwerera mtengo, koma amayi a zaka 66 ndi mwana wa zaka 7 sangapirire ndege zitatu zotsatizana popanda kugona pabedi. Zala ndi zithunzi amajambula ku Lilongwe, ndipo nonse asanu muyenera kukaonekera, ndiye muikepo ndi ndalama ya ulendo umenewo.

Tsopano za mwezi. Ogasiti amene mukumuganizirayo ndi mmodzi mwa miyezi yoipitsitsa. Nyengo ya anamondwe ku Caribbean imayamba pa 1 Juni n'kutha pa 30 Novembala, ndipo imafika pachimake kuyambira mu Ogasiti mpaka mu Okutobala. Ife a m'chigawo cha kummwera sitifunikanso kuuzidwa kuti namondwe n'chiyani titaona Freddy mu Malichi 2023. Barbados ili chakum'mawa kwa zilumba zinzake ndipo anamondwe ambiri amailambalala, koma osati onse: Beryl, kumayambiriro kwa Julayi 2024, anaphwanya mabwato ambiri a asodzi ku Bridgetown, likulu la Barbados, anasakaza chilumba cha Carriacou ku Grenada, n'kupitirira kukaononga kummwera kwa Jamaica. Ngakhale namondwe asafike pa chilumba chanu, ndege zikaimitsidwa masiku awiri okha, matikiti anu onse a ku London ndi ku Addis Ababa asokonekera. Tchuthi cha Disembala nyengo imakhala yabwino, koma ndi nthawi imene Azungu amathawa chisanu kwawo, ndipo mitengo ya mahotela imakwera kuposa nthawi ina iliyonse. Chotsala ndi tchuthi chotsekera teremu yachiwiri, cha m'nyengo ya Pasaka, pamene mvula kumeneko imakhala yochepa. N'chachifupi, koma masiku 7 pa chilumba ndi masiku oyenda angakwanemo mukawerengera bwino, mwina ana n'kujomba tsiku limodzi kapena awiri mutapempha kwa aphunzitsi aakulu.

Pakati pa Jamaica ndi Barbados ine ndikanasankha Barbados chifukwa cha kuchepa kwake. Ndi chilumba cha makilomita pafupifupi 34 m'litali ndi 23 m'lifupi, moti chipatala, msika ndi bwalo la ndege zonse zili pafupi, ndipo magombe onse ndi a aliyense, hotela singakuletseni kuyenda pamchenga. Galimoto zimayenda kumanzere ngati kwathu kuno. Ine ndinkakwera timaminibasi toyera timene amatitcha ZR, ndipo mmene kondakitala amapanikizira anthu ndi mmene wailesi imaphokoserera, ndinkangoona ngati ndili pa ulendo wa ku Liwonde.

Wogwira ntchito pa hotela, ku Nkopola

Amayi, ine ku Caribbean sindinafikeko, koma ndakhala zaka zambiri pa tebulo lolandirira alendo m'mphepete mwa nyanja yathuyi, ndipo mikangano imene ndimaiona pakati pa mabanja ndi mahotela imafanana kulikonse. Yambiri imayamba chifukwa mlendo anaona chithunzi koma sanawerenge timalemba ting'onoting'ono ta m'munsi.

Choyamba muyang'ane msinkhu umene hotelayo imati mwana. Mahotela ambiri amaika malire pa zaka 11 kapena 12, ndipo amawerengera zaka zimene mwana adzakhale nazo pa tsiku lofika, osati pa tsiku lolipira. Mwana wanu wamkaziyo akadzakhala atakwanitsa 13 pofika chaka chamawa, adzalipira ngati munthu wamkulu, ndipo chipinda chimene amati n'cha akuluakulu awiri ndi ana awiri sichidzakulolaninso. Poti muli asanu, mudzafunika zipinda ziwiri basi, ndiye mupemphe zoyandikana kapena zokhala ndi chitseko chapakati, ndipo cha agogo chikhale chapansi, pafupi ndi kodyera. Mahotela ena ndi aakulu ngati mudzi, moti munthu wamkulu amatopa asanafike pomwera tiyi. Pempho lililonse lotere lilembedwe pa imelo ndipo iwo ayankhe molemba, chifukwa mawu a pafoni saoneka tsiku lofika. Muonetsetsenso kuti hotelayo imalandira ana. Mahotela a Sandals, amene amatchuka kwambiri pa zithunzi za ku Caribbean, ndi a akuluakulu okhaokha. A kampani yomweyo olandira mabanja amatchedwa Beaches.

Pa nkhani ya all-inclusive, kukayika kwanu kuli ndi maziko. Gawo lalikulu la mtengo umenewo ndi mowa umene mlendo amaloledwa kumwa kuyambira m'mawa mpaka usiku, ndipo banja losamwa limalipirira anzawo. Ubwino wake ndi woti ana amadya nthawi iliyonse imene njala yawagwira ndipo simudzagwira chikwama tsiku ndi tsiku, zimene si zazing'ono pa chilumba chimene zakudya zambiri zimachokera kunja ndipo n'zodula. Koma musaganize kuti mawu akuti zonse zili momwemo akutanthauzadi zonse. Maulendo a paboti, galimoto yokutengani ku bwalo la ndege, kuchapitsa zovala ndi dokotala wa pa hotela kawirikawiri zimalipiridwa padera, ndipo mufunse ngati misonkho ya boma ndi ndalama ya ogwira ntchito zawerengeredwa kale pa mtengo umene akuonetsani.

Ndikanakhala ine, poona kuti ndinu mabanja awiri ndipo muli ndi malamulo a chakudya, ndikanauza achemwali anu kuti ayerekeze mtengo umenewo ndi wa nyumba yochita lendi kapena zipinda zokhala ndi khitchini pafupi ndi gombe, kapena hotela yopereka chakudya cham'mawa chokha. Agogo akatha masiku atatu osaona nsima mudzaona nkhope yawo ikusintha, ndipo ndaziona zimenezi kwa alendo athu ochokera kunja amene amayamba kufunsa zakudya za kwawo tsiku lachitatu lomwelo. Koma ndinenenso mbali inayo, kuti amene adzaphike m'khitchinimo ndinu, ndipo mwina simunawolokere nyanja kuti mukatsuke mapoto.

Chomaliza ndi lamulo la kubweza ndalama. Musalipire hotela mwa njira yosabwezeka viza ya ku UK isanatuluke. Mtengo wosabwezeka umaoneka wotsika, koma mmodzi mwa inu asanu akakanizidwa viza, ndalama yonse yapita. Mufunsenso nthawi yolowera m'chipinda, chifukwa mahotela ambiri amapereka kiyi cha m'ma 3 koloko masana ndipo amafuna kuti mutuluke chisanafike chakudya chamasana, ndiye ngati ndege yobwerera ndi yamadzulo, mupemphe pasadakhale malo oti agogo adzapumulirepo.

Bambo wopuma pantchito, ku Namwera

Mayi, mundikhululukire ngati ndikuthira madzi pamoto, koma wina ayenera kufunsa. Anthu amachoka ku Ulaya kudzaona mchenga wa ku Cape Maclear ndi nsomba za mbuna, zimene zinachititsa kuti UNESCO iike paki ya nyanja yathu pa mndandanda wake mu 1984, ndiye inu mukufuna kuoloka dziko lonse kukaona mchenga wina. Ndalama ya matikiti asanu ingathe kubweretsa banja la mng'ono wanu kuno kawiri, ndipo ngati mtima uli pa nyanja yamchere, Zanzibar ili pafupi ndipo chakudya cha halal si chofunsa.

Koma ngati mwatsimikiza, mawu anga ali pa ndalama zakunja. Chichokereni kutsika kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, aliyense amene anayesapo kupempha madola ku banki akudziwa kuti sutenga tsiku limodzi, ndipo khadi la banki ya kuno likhoza kukana kulipira kunja pa nthawi imene mukulifunitsitsa. Chilichonse chimene chingalipiridwe ndi mng'ono wanu mu mapaundi, monga hotela, ndege ya ku London kupita ku chilumba ndi inshuwalansi, alipire iyeyo, inu muzimubwezera mwa kusamalira zimene iye amatumizira ndalama kuno, monga fizi ya abale kapena zomangira nyumba. Pitani ku banki kwanu miyezi ingapo ulendo usanafike, muli ndi pasipoti ndi tikiti, mukapemphe madola a m'thumba mwa njira yovomerezeka ndipo musunge malisiti ake. Dola ya ku Barbados inamangiriridwa ku dola ya America kuyambira mu 1975, ziwiri za kumeneko pa imodzi ya America, choncho kuwerengera sikuvuta, ndipo madola a America amalandiridwa m'malo ambiri ngakhale chenji amakubwezerani cha kwawo. Mukaona mtengo pa sitolo kapena pa takisi, mufunse kuti ndi dola iti, chifukwa chizindikiro chake n'chimodzi.

Namwino, ku Mangochi Boma

Assalamu alaikum achemwali. Ndiyankhapo za umoyo ndi za chakudya, poti ndine namwino komanso Msilamu mnzanu, ndipo ndinaperekezapo mayi anga pa ulendo wautali wa pandege.

Malawi sali m'gulu la mayiko a matenda a yellow fever, koma Ethiopia ndi Kenya alimo, ndipo zilumba zingapo za ku Caribbean, kuphatikizapo Jamaica, zimafuna khadi lachikasu la katemera kwa munthu amene wakhala maola opitirira 12 pa bwalo la ndege la dziko lotero. Ndege ikachedwa ku Addis Ababa kapena ku Nairobi, maola amenewo amakwana mosayembekezera, ndiye ndi bwino kubayitsa. Khadilo limayamba kugwira ntchito patatha masiku 10 chibayireni ndipo silitha mphamvu moyo wonse. Koma kwa amayi anu musathamange, chifukwa katemerayu amafuna kusamala kwa anthu opitirira zaka 60. Akaonane ndi dokotala, amene angathe kuwabaya kapena kuwalembera kalata yowapatula.

Chimene anthu a kuno amaiwala ndi malungo, osati oti mukawatenge uko, koma oti mupite nawo. Ku Barbados kulibe malungo, ndipo dokotala wa kumeneko akaona mwana watentha thupi adzayamba kuganiza za dengue, matenda ofala kumeneko amene amafalitsidwa ndi udzudzu woluma masana. Mwana wochokera ku Mangochi akhoza kunyamuka ali bwinobwino tizilombo tili m'magazi, n'kudzagwa patatha sabata. Choncho aliyense akatentha thupi, mawu oyamba kwa dokotala akhale akuti tachokera kudera la malungo, tiyezeni. Milungu yomaliza musananyamuke muzigona m'masikito mosadumphitsa, ndipo uko mudzidzola mankhwala othamangitsa udzudzu masana omwe. Mankhwala a BP a amayi akhale m'chikwama cha m'manja, m'mapaketi ake, pamodzi ndi kalata ya dokotala, ndipo akhale opitirira masiku a ulendo. Nthawi ya ku Barbados ili m'mbuyo ndi maola 6 poyerekeza ndi yathu, ndiye mugwirizane ndi dokotala za nthawi yomwera. Pogula tikiti muwapemphere njinga yowayendetsa pa mabwalo a ndege. Si chamanyazi, ndipo Heathrow ndi mtunda weniweni. M'ndege azidzuka n'kuyendayenda kuti magazi asaundane m'miyendo. Inshuwalansi ya paulendo iwerengedwe bwino kuti ikuvomereza msinkhu wawo ndi matenda amene ali nawo kale.

Za chakudya, nsomba ndiye chipulumutso chanu, ndipo anthu a kunyanja ngati ife sitidandaula nazo. Koma muzifunsa ngakhale pa zakudya zooneka zosalakwa, chifukwa ophika ena a kumeneko amathira nyama ya nkhumba yamchere mu mpunga wa nyemba kuti ukome, ndipo makeke ena amathiramo mowa wa rum, umene ndi chonyadira cha chilumbacho. Loweruka amakonda chakudya chotchedwa pudding and souse, chimene ndi nkhumba yeniyeni. Ku Bridgetown kuli Asilamu ndi mizikiti, kotero bambo angathe kukaswali Ijumaa ndipo kumeneko angakuuzeni kogula nyama ya halal. Chakudya cha Chisilamu cha m'ndege chimapemphedwa masiku awiri ulendo usanachitike, pa ndege iliyonse payokha. Kumbukiraninso kuti kibla kumeneko sikhala kumpoto monga tinazolowera kuno, ili chakum'mawa mopendekera kumpoto, ndipo poti Ramadhani imabwerera m'mbuyo ndi masiku pafupifupi 11 chaka chilichonse, muyang'ane kalendala musanatsimikize masiku.

Mayi wa ana awiri, ku Mpondasi

Zikomo kwambiri nonse, ndawerenga mayankho anu mokweza pamaso pa bambo a kunyumba ndi amayi, ndipo ndawatumiziranso mng'ono wanga. Bambo a ku Namwera, funso lanu silinandikhumudwitse, ifenso tinadzifunsa lomwelo. Chimene sindinanene poyamba n'chakuti makolo a alamu anga anachokera ku Barbados asanakakhazikike ku England, ndipo abale awo ena akadali komweko. Iwo sanafune kutikakamiza, n'chifukwa chake anatipatsa zilumba zitatu, koma nditawauza dzulo kuti anthu akutilangiza Barbados, ndinamva mawu awo akusintha pafoni. Amayi nawonso akuti akufuna kukaona kumene mkamwini wawo anachokera, poti ukwati unachitika iwo osaonana ndi akuchimuna.

Tagwirizana kuti Ogasiti tamusiya, tiyang'ana tchuthi chotsekera teremu yachiwiri, ndipo sitilipira chilichonse chosabwezeka mpaka pasipoti ya mwana ndi maviza zitatuluka. Mwana wamkaziyo akwanitsadi zaka 13 mu Febuluwale, ndiye achimwene a ku Nkopola mwatipulumutsa. Za hotela kapena nyumba ya khitchini tikadakambirana, chifukwa mng'ono wanga akuti sakufuna kundiona ndili pa mbaula. Funso langa la nyanja lija silinayankhidwe, ndipo ndikupemphanso achimwene a ku Monkey Bay atiuze mbali ya chilumba imene ili yabwino kwa ana, ndi zimene tiyenera kunyamula kapena kusiya.

Wa ku Monkey Bay amene anafikako

Achemwali, bambo a kunyumba kwanu akunena zoona. Barbados ili ndi nyanja ziwiri zosiyana khalidwe. Kumadzulo, kumene kuli Holetown ndi Speightstown, madzi ndi odekha ngati a pa Chembe m'mawa mwera usanayambe, ndipo kumeneko ndiye koyenera ana ndi agogo, ngakhale mahotela ake ndi okwera mtengo. Kummwera, cha ku St Lawrence Gap ndi Oistins, mitengo ndi yofikirika ndipo mafunde ndi apakatikati. Kum'mawa, ku Bathsheba, ndi Atlantic weniweni: n'kokongola kukaona, koma mwana asalowe m'madzi ngakhale atakhala katswiri chotani. Choopsa cha nyanja yamchere ndi mkokomo wa madzi obwerera kuchokera kugombe, umene umamukoka munthu kupita naye kwakuya. Ana athu anazolowera kulimbana ndi madzi, koma umenewu sulimbanika. Munthu amasambira mopingasa, motsata gombe, mpaka atatulukamo. Muwaphunzitse zimenezi musananyamuke, azisambira pamene pali opulumutsa anthu, ndipo mbendera yofiira ikakwezedwa asalowe. Ubwino wake, ng'ona, mvuu ndi likodzo kulibe, ndipo madzi amchere amamuyandamitsa munthu mosavuta, kungoti amawawa m'maso tsiku loyamba. Ku Carlisle Bay, pafupi ndi Bridgetown, ana angathe kuona akamba a m'nyanja akusambira pambali pawo.

Chifukwa china chosankhira kumadzulo ndi zomera za m'nyanja zotchedwa sargassum, zimene kuyambira mu 2011 zakhala zikukocheza zambirimbiri m'magombe a kum'mawa ndi kummwera. Zikaunjikana n'kuyamba kuola zimanunkha ngati mazira ovunda, ndipo zimatha kuyamba kufika m'miyezi yomwe mukufuna kupitayo, choncho abale a alamu anu akuuzeni mmene gombe lilili musanasankhe hotela. M'mphepete mwa magombe ena muli mtengo wotchedwa manchineel, wa tizipatso tobiriwira tonga timaapozi. Ndi poizoni, ndipo utomoni wake umawotcha khungu ngakhale munthu wangobisala mvula pansi pake. Yambiri anaipaka utoto wofiira pa thunthu. Mwana wa zaka 7 wozolowera kutola masawu ndi bwemba amuuze mobwerezabwereza.

Pa zonyamula, musiye kunyumba chovala chilichonse cha mawanga a chisilikali, kaya ndi kabudula wa mwana, chipewa kapena chikwama cha pa kaunjika, chifukwa ku Barbados ndi mlandu kuti munthu wamba avale zimenezo ndipo amalanda pa bwalo la ndege pomwepo. Magetsi awo ndi a mavolti 115 ndipo masoketi ndi a mtundu wa ku America, ndiye mapulagi athu a mano atatu salowa popanda adaputala. Fomu yolowera m'dziko imadzazidwa pa intaneti masiku ochepa musananyamuke, aliyense yake.

Ufa musavutike kunyamula. Chakudya chimene iwo amachitcha cha dziko lawo ndi cou-cou ndi nsomba zouluka, ndipo cou-cou ndi ufa wa chimanga wophikidwa pamodzi ndi therere, n'kuuumba m'mbale ngati mtanda wa nsima. Nditaiona koyamba ndinaseka ndekha, chifukwa anangotenga nsima ndi ndiwo zake n'kuziphikira mumphika umodzi. Ufa wake ndi wachikasu ndipo umapezeka m'sitolo iliyonse. Lachisanu madzulo mukawatengere amayi ku Oistins, kumene amaotcha nsomba panja pafupi ndi msika wa asodzi, koma mupite dzuwa lisanalowe, nyimbo zisanakwere ndiponso anthu asanadzaze, kuti mupeze benchi loti akhalepo.